Kalata Imene a Mpatuliro Anakana Kutayipa

Pasukulu pathu panali kachipinda kopapatiza pakati pa ofesi ya a Hedi ndi chipinda cha aphunzitsi. Munali tebulo limodzi, makina otayipira, makina opukusa ochulukitsira mapepala, kabati yachitsulo, ndi kawindo kotsegukira kukhonde. Pakawindo pamenepo ndi pamene makolo ankaimirira akabwera ndi nkhani. M'kachipindamo munkakhala mayi wotayipa makalata amene tonse tinkawatcha a Mpatuliro. Anagwiramo ntchito zaka makumi atatu ndi chimodzi, ndipo mahedi asanu anabwera n'kupita iwo ali pampando womwewo.

Dzinalo anawapatsa ndi aphunzitsi. Ukawapatsa pepala loti atayipe, ankaliwerenga kaye magalasi ali pansonga ya mphuno, kenaka n'kukubwezera. "Apa pakusoweka mpatuliro. Ndiike ndine kapena muika nokha?" Ngakhale mphunzitsi wa Chingerezi ankabwezeredwa. Iwo eni ankati khalidweli analitengera kwa bambo awo, amene anali wolemba zikwangwani. Ali mtsikana ankawagwirira makwerero ndi zitini za penti, ndipo tsiku lina anaona bambowo akufufuta chikwangwani chonse cha sitolo ya nsapato chifukwa cha chilembo chimodzi chimene mwini sitolo sanachione n'komwe.

Anakwatiwa ndi bambo wokonza mawailesi, munthu wanthabwala amene ankagwirira ntchito pakhonde la nyumba yawo, ndipo anabereka ana atatu. Kuntchito ankapita wapansi, ambulera ili m'manja kaya kuli mvula kaya dzuwa. Macheza a m'chipinda cha aphunzitsi sankawakonda. Tiyi wawo ankamwera patebulo pomwepo, kapu ataiika kutali ndi mapepala.

Mwa ntchito zawo zonse panali imodzi imene ankaichita mwamsanga kuti ichoke pamaso: makalata oimitsa kapena kuchotsa ana sukulu. Anali aafupi, mizere itatu basi. Mwana wanu wachotsedwa pasukulu pano kuyambira lero chifukwa cha khalidwe loipa, asaonekenso. A Hedi ankasaina, iwo n'kudinda, n'kupinda, n'kuika mu envelopu. Mwanayo ankaitanidwa kuchokera m'kalasi n'kulandira envelopuyo pakawindo. Ena ankalira, ena ankangoti ndwii. A Mpatuliro sankafunsa kanthu. Akafunsidwa ankati, "Ine ndi zala chabe. Mutu uli khomo linalo."

Chaka china denga linadontha ndipo madzi anaononga buku la malamulo lochokera ku ofesi ya maphunziro. Hedi wa nthawi imeneyo anawauza kuti alitayipenso lonse, masamba makumi anayi ndi anayi. Anatayipa milungu iwiri, n'kulisoka ndi ulusi, n'kuliveka chikuto chobiriwira. Pasanathe chaka bukulo linakathera pansi pa mwendo wa kabati umene unali waufupi. Palibe amene analitsegulanso. Koma chinthu chimene munthu watayipa chilembo ndi chilembo sichichoka m'mutu.

Ine ndinafika pasukulupo monga mphunzitsi wa masamu a Mpatuliro atatsala ndi zaka ziwiri kuti apume pantchito. Nkhani imene ndikunenayi ndinaiyambitsa ndine.

Inali nthawi ya mayeso a kumapeto kwa teremu. Ndinalemba mafunso a Fomu 3 n'kuwapatsa kuti atayipe. Tsiku limenelo mtima wawo sunali pamalo, chifukwa mwana wawo wamkazi anali atatopa, akudikira tsiku lililonse. Anatayipa, n'kuyamba kupukusa. Atatulutsa mapepala ngati makumi awiri, anaima n'kunditumizira uthenga.

"A Masamu," anatero nditalowa, "munthu wanu wa funso lachinayiyu akuyenda pansi makilomita 45 pa ola limodzi. Akuthamangitsidwa ndi chiyani?"

Ndinali nditaiwala kadontho. Anayenera kukhala 4.5. Tinaseka, iwo n'kukonza, n'kupukusanso mapepala abwino, n'kuwatsekera m'kabati. Olakwika aja anawaponya m'dengu la zinyalala kuti akawatenthe poweruka, monga ankachitira nthawi zonse. Koma belu lisanalire kunabwera uthenga woti mwana wawo wapita kuchipatala. Anatenga ambulera n'kuthamanga. Dengu linagona ndi mapepala ake.

Mayeso analembedwa. Ndikuchonga, ndinapeza kuti mtsikana wina wakhoza 93. Anzake ankamutcha Nthenga chifukwa cha kupepuka kwake pothamanga. Anali mwana wachete, wokhala kumbuyo pafupi ndi windo, ndipo masamu ankangokhoza theka. Ndinaitanitsa kope lake. Kumapeto kwake ndinapeza mafunso anayi a mayeso anga atayankhidwa, deti lake lili la masiku atatu mayeso asanalembedwe. Pakati pa masamba panali pepala lopindapinda, lamafutamafuta, la mafunso omwewo.

Ndinamukokera kwa a Hedi. A Hedi athu anali atsopano, bambo wakhama, osati woipa mtima. Chaka chapitacho dzina la sukulu linali litanunkha chifukwa cha kubera mayeso, ndipo iwo anatumizidwa kuti adzakonze zinthu.

"Pepalali walitenga kuti?" anafunsa.

"Pageti, a Hedi."

"Pageti? Mayeso amamera pageti tsopano? Tuluka."

Kufunsidwa kwake kunathera pomwepo. Ine ndinaonjezera moto, ndinati mwana ameneyu akapanda kuchotsedwa ndiye kuti ife aphunzitsi tikungotaya choko. Lachinayi masana a Hedi analemba mizere itatu ija papepala, n'kuphatikiza ndi kope ndi pepala lamafuta lija, n'kutula patebulo la a Mpatuliro.

A Mpatuliro anandiuza pambuyo pake kuti anali atalowetsa kale pepala m'makina. Deti anali atatayipa. Kenaka maso awo anagwera pa pepala lamafutalo, pa funso lachinayi. Munthu uja anali akuyendabe makilomita 45 pa ola. Pepala limeneli silinatuluke m'kabati. Linatuluka m'dengu lawo.

Anatulutsa pepala m'makina, n'kuphimba makinawo ndi nsalu yake, n'kupita kunyumba. Anawapeza amuna awo pakhonde dzuwa lisanalowe, akumasula wailesi ya munthu.

"Abambo, ndalakwa kuntchito."

"Inu? Mwaiwala mpatuliro?"

Anawafotokozera zonse. Bambowo anaika sikuludiraiva pansi.

"Zatsala zaka ziwiri, amayi. Mukakhala chete, ndani adziwe?"

"Ndidziwa ndine."

"Nanga mukandifunsiranji? Munagamula kale muli pamsewu, ndinakuonerani pa mayendedwe. Nenani diresi yoti ndikusitireni, mukalakwe mukuoneka bwino."

M'mawa mwake anayamba ndi madala amene ankasesa m'maofesi. Anawapeza kuseri kwa laibulale akumanga tsache. Anawafunsa za dengu lija. Madalawo anavomera kuti mapepala a m'madengu ankawapatsa akazi awo, amene ankagulitsa mtedza wokazinga pageti, kuti azikulungira. Anali akuchita zimenezi zaka zambiri, ndipo kuwerenga sankadziwa.

"Mayi, ntchito yandithera," anatero.

"Dengu ndi langa, madala. Inu munasesa, ndipo kusesa ndi ntchito yanu. Wosatentha ndine. Ndikakuitanani mudzangonena zimene mwandiuzazi, osaonjezera, osachotsera."

Atachoka apo analowa m'kachipinda kawo, anapendeketsa kabati ndi phewa, n'kusolola buku lobiriwira lija. Linali ndi dzenje pakati pomwe mwendo unkapondapo. Analipukuta fumbi n'kugogoda kwa a Hedi. Ine ndinali momwemo, ndikudikira kalata.

"Yatha?" anafunsa a Hedi.

"Sindinatayipe, bwana."

Anafotokoza za dengu, za madala, za mtedza. Sanadzichepetsere mlandu ngakhale pang'ono. Kenaka anatsegula tsamba 17, osafufuza, n'kuwerenga ataimirira. Mwana auzidwe mlandu wake polemba. Amvedwe pamaso pa komiti yosungitsa mwambo, kholo lake lilipo. Aloledwe kubweretsa mboni. Mphunzitsi wamkulu angathe kumuimitsa masiku owerengeka podikira komiti, koma sangamuchotse yekha. Kalata yomuchotsa inene kumene angakadandaule ndi masiku amene ali nawo.

A Hedi anamvetsera nkhope itachita tsinya.

"Mayi, mwatayipa makalata otere angati pasukulu pano?"

"Ambiri, bwana."

"Bukuli linali kuti nthawi yonseyo?"

"Pansi pa kabati. Ndinaliikapo ndine."

"Ndiye libwezereni pomwepo. Mukuteteza mwanayu kapena mukuteteza madala? Kaya pepala linachokera m'dengu kaya kumwamba, mwanayu anaona mafunso, analowa m'mayeso, anakhala chete. Ndikabwerera m'mbuyo lero, mawa sukulu yonse inena kuti inatola mayeso pageti. Tayipani."

"Imeneyi ayi, bwana. Ya kumuitana kukomiti ndingatayipe pompano, bolani munene tsiku."

Kenaka a Hedi anandikankhira pepala ndi cholembera. Ndinalemba kalatayo pamanja, ine ndemwe, ndipo ndinkadziona ngati ndikupulumutsa sukulu. A Hedi anapempha chidindo. A Mpatuliro anapita kukachitenga m'dirowa n'kuchiika patebulo. "Ndi cha sukulu, si changa," anatero. Tsiku lomwelo Nthenga analandira envelopu yake m'manja mwanga n'kutuluka pageti belu la nkhomaliro lisanalire.

Ambiri akanalekera pomwepo n'kunena kuti ndayesetsa. Iwo anangobwerera patebulo lawo, n'kupinda katoni kuti achirikize kabati, buku n'kuliika pafupi ndi makina.

Lolemba m'mawa bambo ake a Nthenga anabwera. Anali wowotcherera zitsulo, wamtali, manja ali zipsera zokhazokha. Anakhala pabenchi lapakhonde maola awiri, chipewa chili pamaondo. A Hedi anatumiza mawu oti nkhani inatha. Bambowo anafika pakawindo.

"Mayi, tandithandizeni ndingowaona. Ndikagwade basi. Mwana ameneyu ndi yekhayo wafika Fomu 3 kwathu."

"Musagwade, bambo. Maondo sasiya chizindikiro mufayilo. Mumagwirira ntchito kuti?"

Pa nthawi ya nkhomaliro anatenga ambulera n'kuyenda mpaka kushedi ya bambowo, kuseri kwa malo okwerera basi. Munali mafelemu a mawindo otsamira khoma, zitseko zachitsulo zosapenta, ndi fungo la chitsulo chopsa. Nthenga anali atakhala pa chitini chapenti, akupala dzimbiri pa felemu, maso atatupa. Bambowo anazimitsa makina awo, n'kupukuta mpando ndi malaya.

A Mpatuliro sanakhale asananene zimene anabwerera. "Pepala limene mwana wanu anapeza ndinataya ndine. Ndinayenera kulitentha. Mukwiye nane kaye, tikatha tilembe kalata."

"Mukadapanda kunena, ndikadadziwa bwanji?" anatero bambowo, n'kutembenukira kwa mwana wawo. "Iwe, tenga pepala."

"Mundilembere ndinu, amayi," anatero Nthenga. "Ine ndilakwitsa."

"Makina ndi a sukulu, sindingakulembere pamenepo. Ndiponso nkhani ndi yako. Lemba ndi dzanja lako zimene zinachitika, kuyambira pamene unagula mtedza. Zimene ukuchita nazo manyazi usazidumphe."

Mtsikanayo analemba atatsamiritsa pepala pa chitseko chachitsulo. Analemba kuti anagula mtedza Lolemba poweruka, kuti atatha kudya anaona kuti pepalalo ndi la masamu, kuti anaganiza kuti ndi mayeso akale n'kuyesa kuyankha kunyumba. Atafika pa tsiku la mayeso cholembera chinaima.

"Pitiriza."

"Ndinawazindikira mafunso, amayi."

"Lemba choncho."

"Andichotsa."

"Akuchotsa kale. Lemba."

Kumunsi kwake anawonjezera zopempha za bambo: kuti mlandu ulembedwe, kuti komiti ikhale pansi mwanayo amvedwe iwo alipo, ndi kuti mboni ziwiri ziitanidwe. Nthenga anakopera kalatayo kawiri. Bambowo anasaina zonse, akukanikiza cholembera ngati akuboola chitsulo. Imodzi inali ya a Hedi, ina ya wapampando wa komiti, ina yosunga iwo eni.

"Ya a Hedi mubweretse nokha pakawindo mawa," anatero a Mpatuliro. "Ndikailandira ndidinda deti pa yanuyo. Kulandira makalata ndi ntchito yanga, palibe angandiletse."

Zinatero. Kalata inalandiridwa, inadindidwa, inalowa pamulu wa makalata a a Hedi. A Hedi anaiwerenga n'kuiika pansi pa mulu. M'mawa mwake anaipeza pamwamba. Anaiikanso pansi. Mawa lake inali pamwamba, ndi kapepala kakang'ono: ikudikira yankho, tsiku lachitatu. A Mpatuliro sankakangana nawo, sankakweza mawu. M'mawa uliwonse ankapereka moni mwaulemu, n'kutula mulu, kalata ya wowotcherera ili pamwamba.

M'chipinda cha aphunzitsi nkhani inali yawo. Ena ankati akalamba, mutu wayamba kuzungulira. Ena ankati wowotcherera ndi mbale wawo. Wina anati, "Wotayipa akayamba kuweruza milandu, ife tiyambe kusesa." Moni unachepa. Amene ankawabweretsera mapepala ankangowaponya pakawindo. Ine ndinali m'gulu lomwelo, ndipo ndinkadutsa pakhomo pawo nkhope nditayang'ana kumbali.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi anandiitana ndikudutsa.

"A Masamu, tabwerani mundiwerengere. Maso anga atopa."

Patebulo panali kope la Nthenga ndi pepala limene analemba m'mayeso. Anandilozera funso lachinayi m'kope. Mtsikanayo anali atawerengera ndi 45, yankho n'kutuluka lalikulu, ndipo m'mbali analemba ndi pensulo kuti, munthu kapena galimoto? Papepala la mayeso anali atawerengera ndi 4.5, njira yonse ili poyera, sitepe ndi sitepe.

"Wakuba mayeso amaloweza yankho," anatero. "Uyu nambala inasintha, iye n'kusintha nayo. Ine masamu sindidziwa. Inu mukuona chiyani?"

Ndinaona zimene ndinkakana kuona. Mwanayo anali ataphunzira njira yake payekha, masiku atatu, kuchokera pa pepala la mtedza. Ndinakhala pakona ya tebulo lawo, malo amene sankalola munthu kukhalapo, ndipo sanandithamangitse.

"Ndichite chiyani, mayi?"

"Munalemba kalata imodzi pamanja. Dzanja likadalipo."

Ndinalembera a Hedi tsiku lomwelo kuti ine, amene ndinabweretsa mlandu, ndikupempha kuti komiti iumve. Wapampando wa komiti nayenso anali atalandira yake. Anali mayi wopuma pa ntchito ya unamwino, amene tinkangowatcha a Nesi, ndipo komiti yawo inali isanaitanidwepo chiwasankhireni. Anabwera okha kusukulu n'kufunsa a Hedi kuti, "Kodi munatisankhira kudzakongoletsa pepala?" Pa tsiku lachisanu ndi chinayi a Hedi anatsegula chitseko chapakati n'kunena, osayang'ana munthu, "Tayipani yoitana komiti. Lachitatu, teni koloko."

Tinakumana mulaibulale, matebulo awiri titawalumikiza. Mbali ina kunakhala a Nesi, makolo awiri ndi aphunzitsi awiri. Mbali inayi Nthenga ndi bambo ake, amene anavala jekete yothina m'mapewa. A Hedi anakhala kumapeto. Ine ndinawerenga mlandu. Madala osesa analankhula chipewa chili m'manja, ndipo akazi awo anabwera ndi mapepala ena atatu amene anatsala m'thumba lawo, onse a munthu wa makilomita 45. Anati ambiri anakulungira anthu odikira basi.

Kenaka a Mpatuliro anaimirira. Ananena tsiku, nthawi, chiwerengero cha mapepala, ndi lamulo la kutentha limene iwo anaphwanya. Kholo lina linafuna kuwathandiza, linati aliyense akanathamanga pomva za mwana kuchipatala.

"Zikomo, bambo, koma machesi anali m'dirowa. Zikanatenga mphindi ziwiri."

A Nesi anatembenukira kwa Nthenga. "Mwana wanga, tsopano ndiwe. Usafulumire. Palibe akutulutse usanamalize."

Mawu ake anayamba ngati a udzudzu, koma anapitiriza. Anafotokoza zonse monga analembera. A Hedi anapempha kufunsa funso limodzi.

"Utatsegula pepala la mayeso n'kuona kuti mafunso ndi omwewo, bwanji sunakweze dzanja?"

"Ndinaopa, a Hedi. Ndinati ndikanena, munena kuti ndaba." Kenaka anati, "Komanso ndinasangalala. Sindinakhozepo masamu chiyambire. Ndinalakwa pamenepo."

Bambo ake anayang'ana pansi. A Hedi anagwedeza mutu pang'onopang'ono n'kulemba kanthu.

Anatitulutsa, n'kukambirana pafupifupi ola. Titabwerera a Nesi anawerenga chigamulo. Kalata yochotsa mwanayo yafafanizidwa, chifukwa sanabe ndipo sanamvedwe. Abwerere m'kalasi mawa. Malikisi 93 aja achotsedwe, alembe mayeso ena atsopano. Pa kukhala chete kwake alandire chenjezo lolemba, ndipo masiku amene wakhala kunyumba akwanira kukhala chilango. Madala alibe mlandu, koma mapepala a m'maofesi asatulukenso pageti. Za wotayipa, komiti inati si zake, ndi za a Hedi.

Potuluka, wowotcherera anagwira dzanja la a Mpatuliro ndi manja ake onse awiri. Anati, "Windo lanu lija latha dzimbiri. Ndidzabwera ndi felemu."

"Mukalembe kalata yopempha chilolezo," anayankha, ndipo kanali koyamba kuwaona akuseka pakhonde la sukulu.

Za iwo zinabwera mawa lake. A Hedi anawaitana n'kuwauza kuti alandira chenjezo lolemba, ndipo makiyi a kabati ya mayeso achoka m'manja mwawo kwa chaka chathunthu. Kenaka anakanda m'mutu, chifukwa panalibe wina wotayipa.

"Bweretsani, bwana," anatero a Mpatuliro.

Anatayipa okha kalata yowachenjeza, dzina lawo pamwamba. Kumunsi anaikako ndime yonena kumene angakadandaule ndi masiku ake. A Hedi ataiwerenga anafunsa ngati akufuna kukadandaula.

"Ayi. Mwandifunsa, ndayankha, ndipo ndinalakwadi. Sainani apa."

Chinawapweteka ndi makiyi. Chaka chonsecho mayeso ankatayipidwa iwo atakhala, mphunzitsi ataima kumbuyo kwawo, ndipo akamaliza mphunzitsiyo ankanyamula mapepala ndi dengu lomwe. Munthu amene anasunga makiyi zaka pafupifupi makumi atatu ankadikira kuti mnyamata wa msinkhu wa mwana wawo awatsegulire kabati. Sanadandaule, koma ankaonda tikuona. Nthenga analemba mayeso ena amene ndinakonza, n'kukhoza 61. Anamaliza Fomu 4 pasukulu pomwepo.

Kuyambira pamenepo makalata anasintha. Komiti inayamba kukumana, mwina kawiri pa teremu. Si kuti ana analeka kuchotsedwa. Mnyamata wina amene anamenya mnzake ndi mpando anamvedwa, amalume ake alipo, ndipo anachotsedwabe. A Mpatuliro anatayipa kalata yake osazengereza, ndime ya kudandaula ili kumunsi, ndipo pomupatsa anamulozera ndimeyo ndi chala. A Hedi ndi iwo sanakhale mabwenzi. Koma pamene a Hedi ankasamutsidwa, anapempha kuti awatayipire tsamba 17 kuti apite nalo.

Chimene sichinawachoke mumtima a Mpatuliro ndi makalata akale aja. Anandiuza kuti tsiku lina kumsika bambo wina wonyamula katundu pawilibala anawapatsa moni ndi dzina lawo la kusukulu. Sanamuzindikire. Iye anati, "Munandipatsa envelopu pakawindo ndili Fomu 2. Ndinaisunga. Inalembedwa bwino, mayi, inalibe cholakwika ngakhale chimodzi." Sananene mwachipongwe, ndipo anawanyamulira katundu mpaka pamsewu. Iwo anafuna kumufunsa kuti analakwa chiyani, koma anangomuthokoza n'kusiyana naye. Anati kuyambira tsiku limenelo akamadutsa pamsika amayang'ana nkhope za anthu a zaka makumi atatu, makumi anayi, n'kumadzifunsa.

Anapuma pantchito chaka chimene kompyuta inafika. Mtsikana amene analowa m'malo mwawo anamuphunzitsa mwezi umodzi, ngakhale kuti makina atsopanowo iwo sanawakhudze. Tinaganiza kuti tsopano akhala pansi azilera zidzukulu. Koma mbiri inali itayenda. Makolo a ana a sukulu zina anayamba kufika pakhonde lawo, envelopu zili m'manja, n'kukhala pakati pa mawailesi omasula. Amuna awo amati khonde lawo lasanduka bwalo la milandu ndipo makasitomala awo akusowa pokhala. A Mpatuliro amawerenga kalatayo, amafunsa mwanayo yekha kholo litakhala chete, ndipo akaona kuti akunama amamuuza pamaso. Ena amabwezedwa kusukulu, ena ayi. Hedi wina anawathamangitsa pageti, n'kuwauza kuti si loya. Anavomera kuti si loya, n'kubwerera mawa lake ndi kholo la mwanayo, n'kudikira panja mpaka kholo litatuluka ndi deti lodindidwa.

Mwezi watha ndinapita kukawaona. Miyendo yayamba kutupa ndipo adokotala anawauza kuti achepetse kuyenda. Ndinawapeza ndi bambo wina woyendetsa thirakitala ndi mwana wake wamkazi, amene anaimitsidwa sukulu chifukwa chosayankha aphunzitsi akamamuitana. Mwanayo samva khutu limodzi, ndipo pasukulupo palibe anafunsa. Kalata ya kuchipatala inalipo, komiti inali itaitanidwa Lachiwiri, koma sukuluyo ili kutali, kutsidya kwa tauni, ndipo bambowo ankaopa kuti akakaima pamaso pa aphunzitsi lilime lidzamangika.

"Simukalankhula ndinu, akalankhula ndi mwana," a Mpatuliro anawauza bambowo. "Inu mukakhale kumanja kwake, mbali imene samva, kuti aliyense wofuna kumufunsa azungulire. Ine ndikakhala panja pabenchi."

Amuna awo anakweza mutu kuchokera pa wailesi. "Adokotala anati chiyani za miyendo?"

"Anati ndichepetse kuyenda. Sananene za basi." Kenaka anatembenukira kwa ine. "A Masamu, inu mumakhala mbali imeneyo. Yoyamba imanyamuka nthawi yanji?"